Kulemera ndi maleredwe kapena ndi khama? Yankho kwa mnyamata wa kabaza wa pa boma

Funso ili labwera kuchokera kwa mnyamata wina wa pa Mangochi boma, ndalidula pang'ono poti linali lalitali: "Ndili ndi zaka 26, ndimayendetsa njinga yamoto ya abwana, ndimawapatsa K8,000 patsiku ine nkusunga K3,000 tsiku likayenda bwino. Ndimadzuka 4 koloko, sindimwa, sindibetcha. Koma mnzanga amene tinali kalasi imodzi, bambo ake anali ndi maboti awiri ku Makawa, pano ali ndi shopu komanso minibasi chonsecho amadzuka dzuwa litakwera. Iye amati zonse ndi khama ndi kusunga basi. Amalume anga amene anakhala ku Joni zaka 8 nkubwera chimanjamanja amati ndi maleredwe, mwana wa mphawi amafa mphawi. Zoona ndi ziti? Ndipitirize kudzimana kapena ndizingodya zanga?"

Achimwene, mnzanuyo ndi amalume anuwo onse akunenako zoona, koma aliyense wasankha mbali yomwe ikumukomera. Mnzanuyo akati ndi khama ndiye kuti maboti a bambo ake aja sakuwerengedwa, amalume nawo akati ndi maleredwe ndiye kuti palibe angawafunse kuti marandi a zaka 8 analowera kuti. Ine ndagwira ntchito ndi magulu a banki mkhonde komanso anthu a geni zing'onozing'ono m'boma lino kwa zaka zoposa 15, kuyambira ku Makanjira kukafika ku Monkey Bay, makope a ndalama a anthu ndawatsegula ambiri, ndiye zomwe ndikuuzeni pano zambiri ndi zomwe ndaona m'makopemo.

Tiyambe ndi khama poti ndi lomwe anthu amakonda kulilalikira. Tsiku lina mudzapite padoko ku Makawa kapena ku Msaka mbandakucha maboti a chilimila akamabwera. Mudzaone alovi aja, anthu 9 kapena 10 amene akoka ukonde usiku onse, mphepo ya mwera ikuwamenya m'nthiti, manja atachita zikang'a, ena akugona chiimire. Palibe munthu m'dziko muno amene angandiuze kuti anyamata amenewa ndi aulesi. Koma usipa ukagulitsidwa, m'madoko ambiri amayamba kuchotsa za mafuta ndi zina zomwe zalowa paulendowo, kenako zotsalazo nkuzigawa pakati, theka mwini zida theka alovi onse pamodzi. Ndiye munthu mmodzi amene anagona kunyumba watenga zofanana ndi anthu 10 amene anagona panyanja. Sindikunena kuti mwini boti ndi wakuba ayi, injini ndi yake, ukonde ukang'ambika alira ndi iye, koma mfundo yanga ndi yakuti kuno kwathu khama silisowa. Amayi amene amanyamula nkhuni kuchokera kumapiri a ku Namwera, anyamata oumba njerwa, inuyo wa 4 koloko, khama lili mbwee. Chimene chimasowa ndi chinthu choti khamalo ligwerepo nkumabala. Khama la pa chida cha mwini limalemeretsa mwini chida, ndipo inu mukudziwa kale zimenezi poti K8,000 ija mumakaipereka madzulo alionse olo tsiku limenelo kugwe mvula.

Ndiye maleredwe amapereka chani kwenikweni? Anthu akamva mawu oti maleredwe amaganiza za mwambo, kulemekeza akulu, kupita ku madrasa kapena ku Sande sukulu, zimene ndi zabwino koma pa nkhani ya ndalama chachikulu chomwe mwana wa pabanja lopezako amalandira ndi pogwera. Mudzamufunse bwinobwino mnzanuyo tsiku lina mukucheza kuti shopu imeneyi ndi geni yake yachingati. Ndikhoza kubetcha, olo inu simubetcha, kuti si yoyamba. Ana a eni maboti ambiri amene ndawaona anayamba ndi kuoda usipa kupita nawo ku Limbe, nkugwa, bambo nkuwapatsanso mpamba, kuyesa salaula, nkugwa, kenako yachitatu kapena yachinayi nkugwira. Pamene yagwirapo amakhala ataphunzira zambiri moti amakhulupirira ndi mtima onse kuti ndi nzeru zake, ndipo mbali ina sakunama, nzeruzo alidi nazo, kungoti anazigula ndi ndalama za bambo ake. Inu mukagwa kamodzi palibe okudzutsani. Mwana akadwala malungo mpamba watha, tayala likaphulika mpamba watha, maliro akagwa pamudzi mpamba watha. Kusiyana kwa inu ndi iye kwagona pa kuchuluka kwa maulendo amene aliyense amaloledwa kulakwitsa asanatheretu.

Chinanso ndi zomwe mwana amaona ndi maso akukula, izi sizilembedwa paliponse koma ndi chuma. Mwana wa mayi wogulitsa nsomba pofika zaka 12 amadziwa kale kuti usipa wowamba ndi wofutsa mitengo yake imasiyana bwanji, amadziwa kuti mwezi ukawala usipa umasowa ndiye mtengo umakwera, amadziwa dalaivala uti amene sataya katundu panjira, ndani angakongozedwe ndani ayi. Koposa zonse amadziwa kusiyanitsa mpamba ndi phindu. Mungaseke koma vuto lalikulu lomwe ndimapeza m'magulu ndi limeneli, munthu waoda tomato wa K40,000 wagulitsa K52,000, m'mutu mwake ali ndi K52,000, madzulo wagula nyama ndi chitenje, mawa akupita kooda ndi K30,000 osadziwa kuti wadya mbewu. Miyezi itatu geni yatha, iye nkumati andilodza. Amene anakulira pa benchi ya amayi ake zimenezi sachita, osati poti ndi wanzeru kuposa mnzake koma anamenyedwapo khofi ali wamng'ono atatenga ndalama ya mpamba kugulira mandasi.

Za ku Joni nazonso ndi chimodzimodzi. Timaona nyumba za malata m'midzi ya kwa Jalasi, kwa Katuli, kwa Chimwala nkumati anyamata olimbikira, inde ndi olimbikira, koma funsani kuti ya pasipoti ndi ya thiransipoti anawapatsa ndani, nanga atafika ku Johannesburg kapena ku Durban anafikira kwa ndani. Pafupifupi onse pali mchimwene kapena malume amene anatsogola. Njira imeneyi ndi yakale, azigogo athu ankapita kumigodi pa Wenela nkubwerako ndi njinga, wailesi ndi makina osokera, mpaka ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana mu 1974 nkupha a Malawi oposa 70, Kamuzu nkuimitsa ulendowo kwa kanthawi. Mabanja amene anatsegula njira nthawi imeneyo ambiri zidzukulu zawo zikuyendamobe. Ndipo pomwepo mpomwe mumaonanso mbali ya tsoka, mu 2008 ndi mu 2015 pa zipolowe zothamangitsa alendo zija anthu ambiri a kuno anabwera pa mabasi atangonyamula jumbo, ena mwa iwo anali osunga kwambiri, katundu yense anatsala m'mashaki.

Pali mbali ina ya maleredwe imene anthu sakonda kuimva poti ndi yowawa, ndiyo ya thupi lenilenilo. Kuyambira mayi akatenga pakati kufika mwana atakwanitsa zaka 2, masiku 1,000 aja amene a zaumoyo amanena ku sikelo, ubongo umakula mothamanga kwambiri, ndipo mwana akasowa chakudya choyenera nthawi imeneyo amapinimbira, osati msinkhu okha komanso kagwiridwe ka zinthu m'kalasi. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi muno anali opinimbira. Mwana ameneyo sanasankhe, sanachite ulesi, koma mpikisano wauyamba ali kumbuyo. Ku Kingston m'dziko la Jamaica cha m'ma 1986 akatswiri anatenga ana opinimbira a m'mabanja osauka, ena mwa iwo ankayenderedwa sabata iliyonse kwa zaka 2 ndi alangizi ophunzitsa amayi kusewera ndi kucheza ndi ana awo, zidole zake zopanga okha pakhomo. Patatha zaka 20 atawalondola anapeza kuti ana oyenderedwa aja ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 peresenti kuposa anzawo amene sanayenderedwe. Taganizani, kucheza ndi mwana chabe. Akuluakulu aja ponena kuti m'mera mpoyamba sankadziwa za ubongo koma anaona bwino.

Olo kudziletsa kumene, kuja timati uyu ali ndi mtima wosunga uyu alibe, nakonso kumaphunziridwa. Ku yunivesite ya Stanford ku America katswiri wina dzina lake Walter Mischel ankayesa ana aang'ono powaikira switi imodzi patsogolo nkuwauza kuti ukadikira osadya ndikabwera ndikupatsa ziwiri. Kwa zaka zambiri anthu ankalalikira kuti ana odikira aja ndi amene anadzachita bwino, ndiye nkhani yonse ndi kudziletsa. Koma mu 2018 akatswiri ena atabwereza ndi ana ochuluka ochokera m'mabanja osiyanasiyana anapeza kuti ukawerengera mmene pakhomo pa mwanayo palili, mphamvu ya switi ija imachepa kwambiri. Akatswiri ena ku yunivesite ya Rochester ku America komweko anachita mochenjera, anayamba kuwanamiza ana ena, kuwalonjeza makrayoni atsopano osabweretsa, pamene ena anawabweretseradi. Atabwera ndi switi, onamizidwa aja anadikira pafupifupi mphindi 3 zokha pamene anzawo anadikira mphindi 12. Mwana amene wakula akuona kuti chosungidwa chimatengedwa ndi wina, kuti mbuzi imene anamuuza kuti ndi yako inagulitsidwa pa maliro, akamakula nkumadya zake lero lomwe si chitsiru, moyo unamuphunzitsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndikamaona alovi atalandira ya usiku umodzi nkuimaliza tsiku lomwelo pa vidiyo sho ndi mowa wa m'masacheti sindifulumira kuwatukwana, ngakhale sindiwayamikiranso.

Mpaka apa amalume anu akumwetulira. Adikire kaye.

Mawu oti mwana wa mphawi amafa mphawi ine ndimakana, osati chifukwa chofuna kukulimbitsani mtima koma poti makope amene ndaona akutsutsa. M'madoko onsewa muli mayina a mabanja amene zaka 20 zapitazo anali ndi maboti atatu anayi, lero ana awo ndi alovi pa maboti a anthu ena. Bambo atangomwalira kunabuka mkangano, kuno kwathu kwa chikamwini mukudziwa mmene zimakhalira, akuchimuna akuti zida ndi za mbumba yathu, ana akuti ndi za bambo athu, injini kugulitsa, ukonde kugawana, chaka chisanathe zonse phwaa. Ena panalibe olo mkangano, mwana anangolandira boti asanakwerepo nkamodzi komwe, alovi nkumagulitsa nsomba pakati pa nyanja iye ali pa bawo, akabwera nkumuuza kuti lero sizinaphedwe bwana. Pogwera anali napo koma anagwapo kambiri mpaka panabooka.

Mbali inayi ndikudziwa amayi angapo, sinditchula mayina, amene anayamba ndi beseni limodzi la usipa la ngongole, ena oti sukulu analekeza sitandade 4, lero ali ndi mathandala awoawo oyanikira, amatumiza matumba ku Limbe ndi ku Lilongwe, ana ali ku sekondale ya boding'i. Ndikamayang'ana chimene amayi amenewa amafanana, si kudzuka m'mawa ayi poti anzawo onse amadzuka nthawi yomweyo. Ndi anthu amene ndalama ya geni ndi ya ndiwo sizigona m'thumba limodzi, ndi anthu amene phindu likangofika pena pake amaligula chinthu chooneka, thandala lina, mbuzi, malata, lisanazolowere kukhala m'manja. Ndipo pafupifupi onse ukawafunsa bwino pamapezeka munthu mmodzi amene anawakhulupirira poyamba, mwini boti amene anawapatsa beseni loyamba kuti mubweza mukagulitsa, kapena gulu limene linawakongoza K20,000. Wokongozayo sanatole munthu mwachisawawa, anaona kuti uyu akalonjeza Lachisanu amabweradi Lachisanu. Ndiye khama lawo linagwira ntchito kawiri, kupeza ndalama komanso kupanga dzina loti anthu nkuikapo chuma chawo.

William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu uja anthu amakonda kumutchula pa nkhani ngati izi. Anasiya sukulu chifukwa cha fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, nkupanga makina amphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola kudzala, lero dziko lonse likumudziwa. Khama lake palibe angalitsutse. Koma pafupi ndi kwawo panali kalaibulale komwe anapeza buku la zithunzi za makinawo, panali njinga ya bambo ake imene anaiphwasula, panali anzake amene anamuthandiza kugula tizipangizo, kenako panabwera anthu amene anamuona nkumutengera ku msonkhano waukulu wa TED, komwe anthu amakafotokoza nzeru zawo zatsopano, ku Arusha m'dziko la Tanzania mu 2007. Chotsanipo laibulale ija, mnyamata yemweyo ndi mutu womwewo bwenzi mwina lero akukonza mawailesi pa Wimbe, zomwe si zoipa, koma sitikanamumva.

Tsopano za kudzimana, poti funso lanu lenileni lagona pamenepo. Kusunga ndi kwabwino koma ku Malawi kuno kusunga ndalama ngati ndalama kuli ngati kutunga madzi m'dengu. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Munthu amene anali ndi K500,000 pansi pa matiresi Lachitatu anali ndi madola oposa 420, pofika kumapeto a sabata yomweyo anatsala ndi osakwana 300, osagula kanthu, osabedwa ndi munthu. Njinga yamoto, sipeya, injini ya boti, feteleza, zonsezi zimachokera kunja ndiye mitengo yake imatsatira dola. Chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inkakwera kupitirira 30 peresenti pachaka. Ndiye wodzimana amene akuunjika makwacha kudikira kuti akwane ya njinga yonse akuthamangitsa chinthu chimene chikuthawa liwiro kuposa iye. Ndawaonapo anyamata otere, zaka zitatu akusunga, chaka chilichonse njinga ikutalikira, mapeto ake nkutaya mtima nkuyamba kubetcha pa foni kuti mwina zichulukirako.

Dzenje lachiwiri ndi abale, ndipo apa ndiyankhula mosamala poti ifeyo timakhalira kudalirana, amene mukumukaniza lero ndi amene adzanyamule maliro anu. Koma zoona zake nzakuti ndalama yooneka ndi ya mudzi onse. Mphwanu akufuna ya mayeso, azakhali akudwala, kuli chinamwali, kuli sadaka, Eid yayandikira, ndipo simungakane poti aliyense akudziwa kuti muli nayo pa Airtel Money. Cha m'ma 2009 akatswiri ena anachita kafukufuku ndi alimi a fodya m'chigawo chapakati, ena anawathandiza kutsegula maakaunti kuti ndalama za ku okushoni zizilowa ku banki m'malo molandira m'manja. Alimi amenewo nyengo yotsatira anagula zipangizo zaulimi zochulukirapo nkukololanso zochuluka kuposa anzawo. Anthu ake omwewo, khama lomwelo, maleredwe omwewo, changosintha ndi pomwe ndalama yagona. Ichi nchifukwa chake ine ndimalimbikira za banki mkhonde ndi chipereganyu, sikuti muli matsenga, koma zimakupatsani yankho laulemu, mukhoza kuuza azakhali kuti ndalama ili kugulu mpaka Disembala ndipo simukunama.

Ndiponso pali kudzimana kwina kumene ndi kuumira chabe ndipo kumaluzitsa. Wa kabaza amene sasintha oilo pa nthawi yake kuti asunge K6,000 amadzagula injini. Amene amayenda tsiku lonse ndi chikondamoyo chimodzi m'mimba dzuwa la Mangochi la Okutobala amadzagona panjira ndi pasenjala kumbuyo. Amene amaletsa mwana dzira ndi usipa kuti ndalama ichuluke akudya tsogolo la mwanayo, kumbukirani masiku 1,000 aja.

Ndisanaiwale, khama lopanda kuyang'ana kumene zinthu zikulowera nalonso limapha. Ku nyanja ya Malombe m'ma 1980 chambo chinali chambiri, anthu anagula makoka, analimbikira usana ndi usiku, aliyense kuonjezera zida, pofika kumayambiriro a m'ma 1990 chambo chinagwa, anthu nkutembenukira ku kambuzi ndi maukonde a nkacha a maso ang'onoang'ono. Mu 1993 mpamene boma linayamba zoti asodzi eni ake aziyang'anira nawo nyanja kudzera m'makomiti a m'madoko. Asodzi a ku Malombe sanasauke chifukwa cha ulesi, onse analimbikira pa chinthu chimodzi chimene chinali kutha. Ndikunena izi poti kabaza pa boma pano akulowera komweko, tayang'anani pa siteji ya pa raundabauti kapena kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi njinga zilipo zingati lero poyerekeza ndi zaka 5 zapitazo, pamene okwera ndi omwewo.

Ndiye inuyo muchite bwanji. Tiyeni tiwerengere ndi manambala anu omwe. K8,000 patsiku, masiku 6 pasabata, pachaka mukuwapatsa abwana pafupifupi K2.5 miliyoni. Inu mukusunga K3,000, masiku onse atayenda bwino ndi K936,000 pachaka, ndipo tonse tikudziwa kuti sayenda bwino onse. Apa zikuonekeratu kuti ndalama yaikulu imene ikudutsa m'manja mwanu si imene mukudzimanayo, ndi imene mukupereka. Olo mutasiya kudya nkhomaliro chaka chonse simungafike pa K2.5 miliyoni. Choncho nkhondo yanu ikhale yoti njinga ikhale yanu mwachangu, osati yoti muchepetse nsima. Alipo eni njinga amene amavomera mgwirizano woti muzipereka yokwererapo patsiku kwa miyezi yakutiyakuti kenako njinga nkukhala yanu, ndipo munthu wosamwa, wosasowa ndi ndalama ya bwana, amene wayendetsa nthawi yaitali osachita ngozi ali ndi mphamvu yokambirana zimenezi kuposa mmene amadziwonera. Eni njinga amalira tsiku ndi tsiku ndi anyamata owathawira. Mukapeza wotero, zomwe mwasunga kale zikhale chikole choyambira, koma mgwirizano ulembedwe papepala, masiku ndi ndalama zioneke, pakhale mboni, kaya amfumu kaya tcheyamani wa siteji, komanso mulembe kuti njinga ikaonongeka kapena mukadwala sabata zikhala bwanji. Ndaonapo mnyamata atalipira miyezi 9 mwa miyezi 12 ya pakamwa chabe, bwana nkulanda njinga kuti wachedwa masiku atatu, kopita kunalibe. Ndipo buluu buku mudzaione ndi maso musanayambe kulipira, njinga zina zolowa cha ku Chiponde mapepala ake amakhala osalongosoka.

Katapila musayandikire olo njinga ikhale yotchipa bwanji. Banki mkhonde nayo muisamale, magulu ambiri chiwongola dzanja chake ndi 20 peresenti pamwezi, imeneyo ndi ngongole ya geni yozungulira msanga ngati nsomba kapena tomato, si yogulira njinga imene ibweze ndalama pakutha pa chaka. Kugulu muzikasungako, nkudikira yogawana. Ngati ndinu Msilamu ndipo nkhani ya riba ikukuvutani mumtima, chipereganyu chilibe chiwongola dzanja, anyamata 10 a pasiteji odalirika mukamasonkha mlungu ndi mlungu aliyense amalandira yochuluka nthawi imodzi, bola musankhane bwino poti woyamba kulandira ndi amene amakonda kusamukira ku Joni.

Pogwera paja munalibe, ndiye mupange nokha olo pakhale pochepa. Ndalama ina yapadera, yokwana masabata awiri kapena atatu osagwira ntchito, imene simuikhudza pa china chilichonse kupatula matenda ndi kuonongeka kwa njinga. Helumeti muzivala, laisensi ndi inshuwalansi mukonze njinga ikangokhala yanu, ndikudziwa kuti anzanu aziseka kuti mukutaya ndalama koma mukapite ku wodi ya amuna pa chipatala cha boma mukawerenge miyendo yomwe ili pa zitsulo, mufunse kuti angati ndi a kabaza. Mnzanu wa minibasi atathyoka mwendo shopu izigulitsabe, inu mutathyoka mwendo zonse zaima tsiku lomwelo.

Za abale, musadikire kuti azikupemphani, muikiretu nokha kuti mayi ndimawapatsa yakuti pamwezi, ya zovuta za pamudzi ndi yakuti, ikatha yatha. Poyamba adzakunenani kuti mwayamba kunyada, pakapita miyezi amazolowera, makamaka akaona kuti tsiku lake likafika simuphonya.

Ndipo mnzanuyo musamuchitire nsanje kapena kumutsutsa pagulu za maboti a bambo ake, sizikupindulirani kanthu. Ali ndi chinthu chimene inu mulibe, anakulira mu geni ndipo amadziwa komwe amaoda, mmene amalembera kope, mmene amagwirira kondakitala wakuba. Muzikakhala pa shopu yakeyo nthawi imene pasiteji pali zii, muzimufunsa, mwinanso katundu wake wa m'ma golosale a kumidzi muzikamuperekera ndinu pa njinga, imeneyo ndi ndalama yokhazikika yoposa kulimbirana pasenjala mmodzi anthu 15. Njinga ikadzakhala yanu K8,000 ija musaizolowere m'thumba, muzipitiriza kuipereka madzulo alionse ngati kuti bwana akadalipo, kungoti izipita kugulu kapena ku akaunti, ndipo geni yachiwiri isadzakhale njinga inanso ya pasiteji yomweyo.